Kokaona zojambula za masiku ano mu Lusaka

Achemwali, mwafunsa kuti mukabwera kudzacheza ku Lusaka mungakaone kuti zojambula ndi zosema za masiku ano, komanso ngati kumalo otere amalandira munthu amene sakugula kanthu. Amalandira ndithu. Lowani momasuka, palibe adzakufunseni za m'thumba.

Ine ndikanakhala inu ndikanayambira ku Henry Tayali Gallery, mkati mwa Showgrounds, kufupi ndi Manda Hill. Malowa amayendetsedwa ndi bungwe la ojambula eni ake, Visual Arts Council, ndiye kawirikawiri mumawapeza anthu aluso ali pompo, ena utoto uli m'manja. Apatseni moni, afunseni. Ambiri amasangalala mlendo akafunsa chifukwa chimene anajambulira chinthu mwanjira yakutiyakuti. Tayali amene dzina lake lili pakhomopo anabadwa mu 1943 ndi kumwalira mu 1987, ndipo ankajambula kwambiri anthu wamba, m'misika ndi m'malo omwera mowa. Chosema chake chotchedwa The Graduate chili pa University of Zambia, mumsewu wa Great East. Kungoti kumayambiriro kwa Ogasiti ku Showgrounds kumakhala chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda, anthu ndi yakaliyakali.

Koma kumene mtima wanga uli ndi ku Lechwe Trust Art Gallery, mumsewu wa Lagos ku Rhodes Park. Bungwe la Lechwe analiyambitsa mu 1986 a Cynthia Zukas, a Bente Lorenz ndi a Tayali omwewo. Zojambula zabwino za m'Zambia zinkagulidwa ndi alendo n'kupita nazo kunja, choncho iwo anayamba kuzigula ndi kuzisunga kuti ana a m'dziko muno adzazione. Anasunga kwa zaka zambiri alibe nyumba yawoyawo, mpaka anatsegula iyi mu 2018. Mukamaona zimene zili m'makoma mmenemo, dziwani kuti zinatsala kuno chifukwa anthu ena anazikakamira.

Pankhani yoti mwina simudzamvetsa zimene mukuona, musadandaule. Zina mudzazizindikira msanga: amayi a pamsika, minibasi yodzaza, moyo wa m'komboni. Zina zimakhala mitundu yokhayokha, kapena zitsulo zakutha zowotcherera pamodzi, nsalu za chitenje, ngakhale makala. Musathamange kuti mumalize zonse. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zakukokani, imani patali, kenako yandikirani muone mmene utoto unayendera. Werengani kapepala kali pambali, kamanena dzina la wojambula, chaka ndi zimene anagwiritsa ntchito. Chikakuvutitsani mumtima osadziwa chifukwa chake, khalani nacho pang'ono musanapitirire. Osagwira ndi manja, ndipo musanajambule ndi foni pemphani kaye.

Nthawi ikalola, ku Kabulonga kuli 37d Gallery. Ku Lusaka National Museum, mumsewu wa Independence pafupi ndi Freedom Statue, zaluso za masiku ano zili m'chipinda chapansi, mbiri ya dziko ili pamwamba. Kumeneko mumalipira pakhomo.

Ndaona ena akukulozerani ku Kabwata Cultural Village. Pitani, n'kwabwino kogula mphatso za kunyumba monga ng'oma, madengu ndi tinyama tosema, ndipo mtengo mumanenerera. Koma si zimene mwafunsazo. Kumeneko wosema amabwereza chimene chikuyenda malonda, pomwe ku gallery munthu amapanga chinthu chimodzi chokha kuti anene zimene zili kukhosi kwake.

Musananyamuke yang'anani masamba awo a Facebook, chifukwa zionetsero zimasinthasintha ndipo mutha kupeza akupachika kumene. Mukamva kuti kuli mwambo wotsegulira chionetsero madzulo ena, musauphonye, ojambula ambiri amasonkhana pamenepo. Kadontho kofiira pambali pa chithunzi kamatanthauza kuti chagulidwa kale. Mukagula chanu, tengani lisiti loti mudzaonetse pa chipata cha Mwami pobwerera, ndipo apempheni akupindireni nsaluyo bwinobwino kuti isawonongeke m'basi.