PS5 yadzaza: kodi magemu ndingawasamutsire pa hard drive?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Salima. Mwini wake ali ndi kachipinda kosewerera magemu pafupi ndi Kamuzu Road, momwe muli makina a Sony: PlayStation 5 (PS5) imodzi ndi ma PlayStation 4 (PS4) awiri. PS5 ija yayamba kukana gemu yatsopano, ikuti malo atha. Wina wawauza kuti agule hard drive yolumikiza pa USB, koma akufuna adziwe kaye zinthu zitatu: agule yotani, ngati magemu adzaseweredwa ali pa hard drive pomwepo, komanso ngati anyamata amene afika patali ndi Career Mode yawo mu gemu ya mpira sataya zimene anasunga.

Achimwene, tiyambe ndi funso lapakatilo, chifukwa ndi limene limadyetsa anthu ndalama. Gemu ya PS5 simungaisewere ili pa hard drive ya USB. Mungaisungepo basi. Gemu ya PS4 yokha ndi imene imaseweredwa ili pomwepo, kaya mwailumikiza pa PS4 kapena pa PS5. Choncho kwa magemu a PS5, hard drive ndi nkhokwe: chimanga chimakhala mmenemo, koma nsima simuphikira mu nkhokwe. Tsiku limene mwaifuna gemuyo mumaibweza m'kati mwa makina, kenako n'kusewera. Chifukwa chake ndi liwiro. Magemu a PS5 anapangidwa moyembekezera SSD ya m'kati, chosungira chothamanga chopanda kambale kozungulira, imene imawerenga 5.5 GB pa sekondi imodzi. Hard drive wamba, ija yokhala ndi kambale kozungulira m'kati, imathera pa 100 mpaka 130 MB pa sekondi. Ngakhale mutagula SSD ya USB yothamanga bwanji, lamulo silisintha. Sony inatseka khomo limeneli kwa chilichonse chodzera pa USB.

Ndiye phindu lake n'chiyani? Ndi bandulo. Gemu ya 80 GB mukaifufuta, tsiku lodzaifunanso mudzaitsitsa pa intaneti yonse yathunthu, ndipo aliyense amene amagula data ya Airtel kapena TNM akudziwa kuti 80 GB si yoseweretsa. Ngakhale gemu ya pa disiki imakhala ndi ma update amene munawatsitsa kale, ndipo mukafufuta gemu amapita nawo limodzi. Kuibweza kuchokera pa hard drive sikudya MB ndi imodzi yomwe. Kunja anthu amagula hard drive kuti asadikire. Kuno timagula kuti tisalipire kawiri.

Kudzaza kwa PS5 yanuyo n'kosadabwitsa. Yoyamba ija pa katoni analemba 825 GB, koma malo amene mumapatsidwa ndi 667 GB, otsalawo makina anadzitengera. Magemu akuluakulu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, basi yakhuta.

Pogula, Sony inaika malamulo ochepa ndipo ndi ofanana pa PS4 ndi PS5. Hard drive ikhale ya USB 3.0 kapena kuposa, ija amalemba kuti SuperSpeed 5 Gbps. Kukula kwake kusachepere 250 GB, kusapitirire 8 TB. Ilumikizidwe pa makina mwachindunji, osadzera pa USB hub, kabokosi kaja kochulukitsa mabowo. Ndipo imagwira imodzi pa nthawi. Mukalumikiza ziwiri, ina ingokhala. Fulashi ya 64 GB kapena 128 GB iwalani, ikanidwa chifukwa cha kuchepa.

Kwa malo ngati anuwo ine ndingasankhe ya 2 TB yaing'ono, ya mainchesi 2.5, imene imatenga mphamvu pa nthambo ya USB yomweyo. Zazikulu za mainchesi 3.5 zimafuna adaputala yakeyake ya kukhoma, ndiye kuti mwaonjezera chinthu china choti chipse magetsi akabwera mwamphamvu. Ngati thumba likulola, SSD ya USB ndi yabwino koposa m'chipinda chodzaza anyamata, osati chifukwa cha liwiro lokha ayi. Hard drive wamba ili ndi kasingano kamene kamayandama pamwamba pa mbale yozungulira, ndipo wina akagunda tebulo pokondwerera chigoli kasinganoko kangathe kukanda mbaleyo. SSD ilibe chozungulira. Musadabwe kuti ya 1 TB ikuonetsa 931 GB kapena kucheperako. Ndi kawerengedwe chabe, simunaberedwe.

Kuba kwenikweni kuli pa zinthu zachinyengo. Pali timabokosi tolembedwa 2 TB, 4 TB, ngakhale 16 TB, togulitsidwa pa mtengo wa fulashi, koma m'kati muli kamemory card kakang'ono kamene anakaphunzitsa kunama. Makina amaona 2 TB, inu n'kusamutsa magemu, koma malo enieni akatha zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale, ndipo mumadzazindikira tsiku limene gemu yakana kutseguka pomwe ya m'kati munafufuta kale. Kaya mwagula pa Salima pomwepo kapena mwakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, iyeseni pa kompyuta musanaikhulupirire. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza hard drive yonse kenako n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zilipo. Pa 2 TB imatenga maola ambiri, mwina usiku wonse, koma pemphani wogulitsa avomere kuti mukabweza ikalephera. Zogwiritsidwa kale ntchito, zochotsedwa m'malaputopu n'kuikidwa m'kabokosi ka USB, zimagwira bwino ndithu. Ingoonani thanzi lake ndi CrystalDiskInfo, ikalemba Caution isiyeni.

Tsopano bowo loti mulumikizepo. Apa ambiri amaganiza kuti agula chinthu chakufa pomwe alakwitsa bowo. Pa PS5 yoyamba, bowo la USB lalikulu limene lili kutsogolo ndi la USB 2.0, lotchajira padi. Hard drive mukaiika pamenepo makina adandaula kuti liwiro ndi lochepa. Gwiritsani ntchito limodzi mwa awiri a kumbuyo. Pa PS5 yopyapyala ija, kutsogolo kuli mabowo awiri a USB-C koma limodzi lokha ndi lothamanga, ndiye kuti musavutike pitaninso kumbuyo. Pa PS4 mabowo onse ndi oyenera. Uthenga womwewo wa liwiro umabweranso mukalowetsa nthambo pang'onopang'ono kapena osafikitsa, chifukwa mano a USB 3.0 ali m'kati kwambiri ndipo makina amayamba aona a 2.0. Zulani, lowetsaninso kamodzi n'kamodzi mpaka ifike. Nthambo ikhale imene inabwera ndi hard drive. Ya foni singathandize.

Mukalumikiza, pa PS5 pitani ku Settings, kenako Storage, kenako USB Extended Storage, musankhe Format as USB Extended Storage. Kufomata kumafufuta chilichonse chimene chinalipo, nyimbo, mafilimu, zithunzi za ukwati, ndipo palibe kubweza. Zichotseni kaye. Hard drive imene inafomatidwa kale pa PS4 ngati extended storage musaifomatenso, PS5 iilandira ndi magemu ake momwemo.

Kusamutsa kwenikweni n'kosavuta. Mu Storage momwemo lowani Console Storage, kenako Games and Apps, musankhe Select Items to Move. Magemu a PS4 ndi a PS5 ali m'magulu awiri osiyana. Chongani amene mukufuna, dinani Move. Gemu imodzi yokha mungaisamutse muli mu Game Library: iloze, dinani batani la Options pa padi, musankhe kuisamutsira ku USB. Pa hard drive wamba, 100 GB imatenga mphindi 15 kapena 20, nthawi zina kuposerapo. Pobweza gemu ya PS5, ipezeni mu Game Library musankhe Copy. Ikabwerera, ngati panatuluka update pamene inali m'nkhokwe, makina afuna aitsitse. Kusewera pa intaneti kumafuna update imeneyo, koma kusewera awiri pa TV imodzi nthawi zambiri sikufuna.

Pa PS4 njira ndi iyi: Settings, Devices, USB Storage Devices, Format as Extended Storage. Izi zinayamba ndi update ya 4.50 m'chaka cha 2017, ndiye makina amene sanalawepo intaneti chiyambire angafune update kaye. Posamutsa: Settings, Storage, System Storage, Applications, batani la Options, Move to Extended Storage.

Nayi nzeru imene ingakumasulireni malo ambiri. Yambani ndi magemu a PS4 onse amene ali mu PS5, muwatulutse apite pa hard drive, poti amaseweredwa ali komweko. Mu Storage muli posankha kuti magemu a PS4 atsopano azilowa pa hard drive okha; sankhani zimenezo. Magemu ena, ngati a mpira, GTA V ndi ena, anatuluka m'mitundu iwiri, wa PS4 ndi wa PS5, ndipo si zachilendo kupeza mitundu yonse iwiri ili m'makina amodzi mwini wake osadziwa. Yang'anani kachizindikiro pambali pa dzina. M'kati mwa PS5 musiyemo magemu a PS5 amene amaseweredwa tsiku ndi tsiku, komanso malo opanda kanthu okwanira, chifukwa update imafuna popumira ikamalowa.

Za Career Mode ya anyamata aja, mtima pansi. Zosunga za gemu sizisamuka ndi gemu, zimatsala m'kati mwa makina, ndipo ngakhale kufufuta gemu sikuzikhudza. Koma tembenuzani mfundo yomweyi muone mbali yake yoipa: hard drive yanu si chitetezo cha zosungazo. Makina akafa, zapita. Zosunga za magemu a PS4 mungazikopere pa fulashi wamba kudzera mu Saved Data. Za magemu a PS5 sizikopedwa pazokha pa USB; njira zake ndi PlayStation Plus, imene imasunga pa intaneti ndipo ndi yolipira, kapena Back Up and Restore imene ili mu System Software, ndipo imeneyi imafuna fulashi kapena hard drive ina, osati ya magemu ija.

China chimene sichisamuka ndi chilolezo. Gemu ya pa disiki ifunabe disiki yake m'makina ngakhale ili pa hard drive. Yogula pa PlayStation Store ifuna akaunti imene inagula. Mungazule hard drive pa PS4 imodzi n'kuika pa inzake, magemu aoneka, koma popanda disiki kapena akaunti padzakhala kaloko. Amene amagulitsa hard drive "yodzaza kale ndi magemu" safotokoza zimenezi. Kuti magemu ogula pa intaneti aziseweredwa netiweki ikasowa, yatsani Console Sharing and Offline Play pa PS5, kapena Activate as Your Primary PS4 pa PS4.

Mdani wamkulu kwanu kuno ndi magetsi. Akathima pakati pa kusamutsa, nthawi zambiri mumangotaya kope losamalizalo, koma nthawi zina dongosolo lonse la mafayilo pa hard drive limasokonezeka. Mukayatsanso, makina anena kuti hard drive sinachotsedwe bwino ndipo ayamba kuikonza. Alekeni amalize, musazule. Akalephera adzapempha kufomata, ndiye kuti zonse zapita. UPS, kabokosi ka batire kopereka mphamvu magetsi akathima, ikakhala yaing'ono ya 650 VA imapirira mphindi zochepa chabe ndi PS5 imene imatha kudya ma watt 200 gemu ili m'kati, koma mphindi zimenezo n'zokwanira kuimitsa ntchito ndi kuzimitsa bwino. TV musaiike yaikulu pa UPS yomweyo ngati mukufuna ipirire. Pa jenereta kapena inveta, musasamutse magemu pa nthawi yosinthira magetsi. Ndipo Rest Mode, ija nyale imasanduka ya olenji, si kuzimitsa. Makina amakhala akugwirabe hard drive, moti magetsi akathima usiku m'mawa mupeza uthenga wokonza uja. Potseka malo dinani batani la PS, Power, Turn Off PS5, dikirani nyale izimiretu, kenako zimitsani kukhoma. Pofuna kuzula hard drive makina ali oyaka, pa PS5 sankhani Safely Remove from PS5 mu USB Extended Storage. Pa PS4 gwirani batani la PS, Sound/Devices, Stop Using Extended Storage.

Kutentha kwa kunyanja mu Okutobala ndi Novembala nakonso kumafupikitsa moyo wa hard drive. PS5 imatulutsira mpweya wotentha kumbuyo, komwe kulinso mabowo a USB, ndiye anthu amangoigoneka hard drive pomwepo n'kumaphikika. Iikeni pambali, pamalo osagwedezeka, osati pamwamba pa makina, osati pafupi ndi sipika ya bass. Mukamva ikuti tcha-tcha-tcha kapena ikuzimazima yokha, yesani kaye nthambo ina ndi bowo lina, poti kuchepa kwa mphamvu kumachititsanso zimenezo. Zikapitirira, bwezani magemu ofunika m'kati msanga.

Ngati cholinga chanu n'choti magemu a PS5 onse aziseweredwa popanda kubwezabweza, chofunika si USB koma M.2 SSD yolowa m'kati, pansi pa chivundikiro cha makina. Sony inalola zimenezi mu Seputembala 2021. Ikhale ya NVMe PCIe Gen4, osati M.2 SATA imene imafanana nayo maonekedwe koma sigwira. Liwiro 5,500 MB pa sekondi kapena kuposa. Ikhale ndi heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha, m'lifupi isapose 25 mm ndipo kunenepa kwake konse kusapose 11.25 mm, apo ayi chitseko chake sichitseka. Saizi yopezeka kwambiri ndi 2280. Ndi yodula kuposa hard drive ya kukula komweko, ndipo poiika makina akhale ozimitsidwa, nthambo zonse zozulidwa. Malo ochitira bizinesi ngati anu, pomwe kasitomala sangadikire mphindi 20 kuti gemu ibwerere, M.2 ndi imene ndingasungire ndalama, hard drive ikhale ya magemu a PS4 ndi amene saitanidwa kawirikawiri.

Amene muli ndi Xbox Series S kapena X nkhani ndi yofananako. USB 3.0 ya 128 GB kupita m'mwamba imaseweretsa magemu a Xbox One, Xbox 360 ndi Xbox yoyamba, koma ambiri olembedwa Optimized for Series X|S imangowasunga. Kuti aseweredwe kunja pamafunika expansion card ya Seagate kapena WD Black C50, yolowa pa bowo lake kumbuyo. Hard drive imodzi singatumikire Xbox ndi PlayStation nthawi imodzi. Ikasamukira kwina, amaifomatanso.