Poyambira kusonkhanitsa masitampa

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wokhala kuno ku Mangochi angayambe bwanji kusonkhanitsa masitampa popanda kuwononga ndalama zambiri. Langizo langa ndi lakuti musathamangire kugula. Yambani mwapempha agogo kapena amalume kuti akutsegulireni masutikesi awo akale, chifukwa m'boma lino mabanja ambiri anali ndi wachibale ku Joni kapena ku Harare, ndipo ena mwa makalata amene ankalemberana akadalipo.

Mukapeza envulopu yakale, musafulumire kumatula sitampa, koma muyang'ane kaye chidindo cha ku positi. Tauni yathu ino kale inkatchedwa Fort Johnston, ndipo envulopu yodindidwa dzina limenelo odziwa amaifuna yathunthu, osati sitampa yokha. Msinkhu wa sitampa muudziwa poona dzina la dziko: oyambirira, a mu 1891, anadindidwa zilembo za B.C.A. (British Central Africa, dzina la dziko lino pa nthawiyo), kenaka kunabwera a Nyasaland, a Rhodesia and Nyasaland pa nthawi ya chitaganya, ndi a Malawi kuyambira 1964. Mtengo ukakhala wa mashiling'i ndi mapeni, ndiye kuti sitampayo inatuluka kwacha isanayambe kugwira ntchito mu 1971.

Pa maenvulopu wamba, dulani pepala mozungulira sitampa, muliviike m'mbale ya madzi ozizira mpaka sitampayo itamatuka yokha, kenaka muiyanike chafufumimba papepala loyera, ndipo ikauma muipanikize m'buku lolemera. Samalani timano ta m'mphepete, pakuti kamodzi kokha kakathothoka sitampa yatsika mtengo. Ine ndinawononga angapo powamata ndi guluu m'kope la kusukulu, choncho guluu ndi selotepi musaziyandikize n'komwe.

Mdani wamkulu kuno kunyanja ndi chinyezi. Masitampa osagwiritsidwa ntchito amamatirirana nthawi ya dzinja, ndipo mphemvu zimakonda ulimbo wa kumbuyo kwake, kotero ine anga ndimasunga m'chitini chotseka bwino, pamwamba pa kabati, kutali ndi khoma. Powagwira gwiritsani ntchito kambaniro m'malo mwa zala za thukuta.

Pomaliza, sankhani mutu umodzi kuti musabalalike. Dziko lathu latulutsa masitampa okongola a mbalame ndi a nsomba za m'nyanja monga mbuna, ndipo kwa munthu wa ku Mangochi a nsombawo ndi amene ndingayambire. Mukapita ku positi ofesi, pemphani kuti akuonetseni mitundu yonse imene ali nayo musanasankhe.