Kodi manambala olosera za chuma tiziwakhulupirira?

Achemwali athu ena omwe amagwira ntchito ku Fordsburg kuno ku Joni, ndipo akumanga nyumba kwawo ku Mangochi, andilembera kalata. Akuti chaka chilichonse nduna ya zachuma ya ku Malawi imalengeza mu bajeti kuti chuma chikwera ndi maperesenti akutiakuti, koma chimene iwo amaona chikukwera ndi mtengo wa simenti. Akufunsa kuti akatswiriwa amawerengera bwanji, komanso ngati angadalire manambalawo posankha nthawi yotumiza ndalama.

Achemwali, manambalawa sachita kuwapeka. Akatswiri a ku Unduna wa Zachuma, a ku Reserve Bank ndi a IMF (bungwe la padziko lonse lobwereketsa mayiko ndalama) amalowetsa mu kompyuta zimene zinachitika zaka zapitazo: chimanga chimene tinakolola, fodya amene tinagulitsa, mtengo wa mafuta ndi feteleza, misonkho imene boma linatolera. Akatero amaikapo zongoyembekezera, monga zakuti mvula igwa bwino, kwacha ikhazikika, ndipo mayiko otithandiza apereka zimene analonjeza. Nambala imene mumamva pa wailesi yatsamira pamenepo.

Tsono kwathu zoyembekezerazi sizichedwa kupotoka, chifukwa chuma chathu chimadalira mvula ndi ndalama zakunja. Namondwe Freddy anakokolola minda ya kummwera mu Malichi 2023. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama za malata ku banki anagona ali nazo zokwanira, n'kudzuka zitaperewera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kuchepa kwa zowerengera zenizenizo. Kalembera wa anthu amachitika kamodzi pa zaka khumi. Wa 2018, wa ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, anapeza anthu 17.5 miliyoni. Nanga mnyamata wa kabaza, mayi wa mandasi, ndi ma rand amene inu ndi ine timapatsira munthu pa basi ku Park Station? Zambiri mwa izi sizilowa bwino m'mabuku, chonsecho ndizo zikudyetsa mabanja. Nigeria itawerenganso chuma chake mu 2014 inapeza kuti n'chachikulu pafupifupi kawiri kuposa mmene inkanenera, n'kupitirira South Africa tsiku limodzi.

Ngakhale kuno ku South Africa, kumene ofesi ya ziwerengero ya Stats SA imatulutsa malipoti a ulova miyezi itatu iliyonse, pulani ya dziko ya 2012 inkafuna kuti ulova utsike kufika pa 6 peresenti pofika 2030. Lero udakali pamwamba pa 30 peresenti.

Sindikunena kuti tizitaye zida zowerengerazi. Popanda izo boma silingadziwe makalasi ofunika kumanga kapena mankhwala ofunika kugula, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, angakhale mawu chabe. Chimene ndimafuna n'chakuti nduna izitiuza poyera zimene yayembekezera, ndi kutipatsanso nambala yachiwiri ya chaka cha ng'amba.

Za nyumba yanuyo, achemwali, maganizo anga ndi awa: musasunge makwacha ambiri podikira kuti akwane. Tumizani pang'onopang'ono, wachibale wodalirika azigula malata, zitsulo ndi mafelemu nthawi yomweyo n'kukutumizirani malisiti. Simenti yokha muzigula amisiri akakhala pafupi kuyamba, chifukwa ikakhalitsa imauma m'thumba.