Dzina silinatuluke ku yunivesite, ndiye utani?

Mnyamata wina wa ku Namwera wanditumizira imelo. Akuti anapeza mapointi 26 pa MSCE, dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa NCHE, bungwe losankha opita ku mayunivesite a boma, mayi ake akufuna abwereze fomu 4 pomwe amalume ake akuti angokwera basi ya ku Joni. Akufunsa kuti atani.

Mphwanga, iwe sunalephere ayi. Malo ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, KUHeS ndi MUST ndi ochepa, ambiri otsala amakhala ali ndi makirediti awo 6 ndi Chingerezi chomwe. Ngati mtima wako ulidi pa udokotala kapena uinjiniya ndiye mayi akunena zoona, bwereza, koma ubwereze chifukwa ukufuna wekha osati kuthawa manyazi a anthu a pa msika.

Chomwe chimandiwawa ine nchoti anafe a kuno ku Mangochi timaiwala zomwe zili pakhomo pathu. Ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima ndi okonza mainjini ake, ndiye palinso makosi a ntchito zamanja a TEVETA ku Nasawa ku Zomba uko ndi m'makoleji ena, zamagetsi, zowotcherera, umakaniki, mapaipi. Tapita kugombe madzulo tsiku lomwe injini ya boti yakana kulira, ukapeza alovi angokhala pamchenga, ukonde wa chilimira uli mulu, nyali zili zokonzeka, mwini boti akungoimba foni kusaka makaniki mmodzi yemwe ali kutali ndi injini ina, anzawo akulowa m'madzi kukatola usipa iwo akungoyang'ana. Makanikiyo akafika sanenerera mtengo, amangotchula. Malojinso a ku Cape Maclear ndi Nkopola mafiriji amafa, masola amavuta, nanga akonze ndani?

Za ku Joni, amalume usawanyoze, nyumba zambiri zamalata kwathu kuno ndi ndalama za kumeneko. Koma kupita wopanda luso lililonse m'manja nkukavutika, ndawaona anyamata atabwerako chimanjamanja atataya zaka. Wodziwa kuwotcherera ngakhale kumeneko amapita ndi mtengo wake.

Ndipo yunivesite sithawa, alipo oyamba ndi satifiketi, kenako dipuloma, digiri nkudzaipeza akudzilipirira okha. Ine ndikanakhala iwe sabata ino ndikanakwera minibasi kupita ku Mpwepwe, satifiketi yanga mu envelopu, kukafunsa kuti akulemba liti komanso fizi ndi zingati. Ukabwerako undilemberenso, ndikufuna ndimve.