Za mfuti ya mbatatesi ija, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Moni nonse m'gulu muno, amayi, alamu, ndi ana omwe. Funso lanu ndaliona, loti mnyamata wathu waonera pa YouTube azungu akuwombera mbatatesi ndi mapaipi, ndiye akukuvutitsani kuti mumpatse ndalama ya paipi ya PVC ndi guluu apange yake, akaonetse ku kalabu ya sayansi kusukulu. Mwafunsa ngati n'zoseweretsa chabe kapena n'zoopsa. Ndati ndiyankhe ndi mawu, kulemba ingatalike. Mwiniwakeyonso mumuitane amve nawo.

Ndalama ya paipiyo musampatse. Koma chonde musamukalipire, mwamva? Mwana amene akufuna kudziwa kuti mpweya ungaponye bwanji chinthu kutali, mutu wake ukugwira ntchito. Chimene ndikukana ine ndi paipi ya pulasitiki ija, basi.

Zinthu zimenezi n'zofala ku America ndi ku Ulaya, anthu akuluakulu ndithu amapanga m'magalaja mwawo kumapeto a sabata. Zilipo za mitundu iwiri. Ina amaika gasi woyaka kumbuyo kwa paipi n'kuyatsa, kuphulika kuja n'kumene kumakankha mbatatesi. Ina ilibe moto, amangopopera mpweya m'chipinda chotseka, kenako n'kutsegula vavu mwadzidzidzi, mpweya wonse n'kutulukira kumodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti yopanda motoyo ndiye yabwinobwino, koma nthawi zambiri imeneyo ndi imene imakhala ndi mphamvu zochuluka. Ngakhale kakang'ono komwe, mbatatesi imatha kutuluka pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Kachewere waiwisi ndi wolimba, achemwali, ndipo ndi wolemera. Pa liwiro limenelo amaswa zenera, amaswa diso.

Ndipo maganizo ake sanayambe ngati masewera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kampani ya Holman Brothers ya ku Camborne ku England, imene inkapanga makompuresa ndi zobowolera miyala m'migodi, inapangira sitima zapamadzi mzinga woponya mabomba a m'manja m'mwamba pogwiritsa ntchito mpweya kapena nthunzi. Ankautcha Holman Projector. Amalinyero akafuna kusangalala ankaikamo mbatatesi. Mpaka lero opanga ndege ali ndi mzinga wa mpweya umene amawombera nawo nkhuku yakufa pa galasi la kutsogolo ndi mu injini, kuti aone ngati ndege ingapirire ikagundana ndi mbalame. Ndiye si nzeru yopusa ayi, ndi sayansi yeniyeni. Kungoti kumeneko zonse n'zachitsulo, zoyezedwa, ndipo anthu amaima kuseri kwa khoma.

Tsono ndifike pamene pali nkhani, chifukwa apa ndi pa ntchito yanga ya mapaipi kuno ku Joni. Mnyamatayo adzakuuzani kuti, amayi, paipiyi yalembedwa Class 9 kapena Class 12, ndiye kuti imapirira ma bar 9 kapena 12 (bar ndi muyeso wa kupanikiza), pomwe ine ndingopopa ma bar 4 okha. Kuwerenga kwake n'kolondola, koma nambala imeneyo ndi ya madzi. Madzi ndi mpweya sizifanana mpang'ono pomwe zikakhala m'paipi. Madzi sapanikizika. Mutawakankha chotani, amangokhala momwemo, ndiye paipi ikang'ambika madzi amangotsanyuka pang'ono, mphamvu n'kuthera pomwepo, inu n'kunyowa, basi. Mpweya umapanikizika. Kupopa kulikonse mukuunjika mphamvu m'katimo, ndipo mpweya umene uli pa ma bar 6 ukapeza potulukira umafuna malo ochuluka pafupifupi ka 7 kuposa pamene unali. Umafutukuka nthawi imodzi, n'kunyamula chilichonse chimene chinkautsekera. N'chifukwa chake ife tikamayesa mapaipi atsopano ngati akudontha timadzazamo madzi, sitiyesa ndi kompuresa. Munamvapo tayala la lole likaphulika pa okonza matayala, mmene limagwedezera malata a nyumba zoyandikana? Mmenemo mumakhala ma bar 7 kapena 8 okha.

Ndiye PVC ili ndi khalidwe lake loipa. Chitsulo kapena kopa zikalephera nthawi zambiri zimatupa kaye kenako n'kung'ambika msoko umodzi. PVC siichenjeza. Imasweka zidutswazidutswa zakuthwa, n'kumwazikira mbali zonse. Ndipo taganizirani pamene chinthucho chimakhala munthu akamawombera: chili pa phewa, chili pa mimba, nkhope ili pafupi. Ku America bungwe loona za chitetezo cha anthu pantchito, la OSHA, linatulutsa chenjezo pa nkhani yomweyi kale mu 1988, loti mapaipi a PVC oonekera pamtunda asamadutsemo mpweya wopanikizidwa. Makampani opanga mapaipiwo nawonso amalemba okha m'mabuku awo kuti musaikemo mpweya kapena gasi. Eni ake a katundu akukana, ife tikakamire chifukwa chiyani?

Onjezani izi. Nambala ya pa paipi ija ndi ya madzi ozizira. Paipi ikatentha mphamvu yake imatsika, pofika madigiri 60 imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Dzuwa nalonso limaiumitsa pang'onopang'ono mpaka kukhala yosachedwa kuthetheka. Inu mukudziwa mmene mapaipi amakhalira pa mashopu a hadiweya kwathu, ali panja pa khonde miyezi ndi miyezi, dzuwa la Okutobala likuwawomba. Komanso mwana wa sukulu adzasankha yotchipa, yaikulu ya mamilimita 110 ija, imene ndi ya madzi a kubafa ndi kuchimbudzi. Imeneyo siinapangidwe kuti ipirire kupanikiza kulikonse, madzi amangoyendamo okha motsetsereka. Ndiye pali zotsekera kumapeto ndi molumikizira, momwe guluu akangochepa kapena asanaume bwino, chotsekeracho chimafwamphuka n'kukhala chipolopolo chachiwiri, cholowera kumbuyo kumene kuli mwiniwake.

Mwina adzanena kuti koma pa vidiyo paja sizinaphulike. Eee, zambiri siziphulika tsiku loyamba. Kuwombera kulikonse kumagwedeza pulasitiki, timing'alu tosaoneka ndi maso timakula, ndipo tsiku lake palibe amalidziwa. Amene zinawaphulikira sathamangira kuika vidiyo.

Ngakhale akatswiri enieni zimawachitikira. Ku Delaware ku America kunayamba mpikisano mu 1986, wotchedwa Punkin Chunkin, woponya maungu kutali ndi makina opanga okha. Anthu ankabwera ndi mizinga ya mpweya yaitali kuposa basi, yokokedwa pa ngolo za malole. Mzinga wina wamtunduwu, Big 10 Inch, unaponya dzungu mamita 1,690 ku Moab ku Utah mu 2010, kupitirira kilomita ndi theka. Amenewo ndi anthu owotcherera zitsulo, ena ndi mainjiniya, matanki awo ankayenderedwa asanaloledwe kulowa m'bwalo. Koma mu 2016 ku Bridgeville, chitseko chachitsulo cha mzinga wina chinathyoka powombera, n'kukamenya m'mutu mayi wina amene ankagwira ntchito ndi ojambula za pa TV. Anavulala koopsa. Pulogalamuyo sinaulutsidwenso, ndipo chaka chotsatira mpikisanowo sunachitike. Ngati zinatero pamalo pamene panali malamulo ndi ambulansi, kuli bwanji kuseri kwa nyumba yanu, pali ana a aneba khumi atazungulira kudzaonerera?

Ya moto ija ndiye ndisachite kunena zambiri. Ngozi yake yodziwika ndi iyi: wayatsa, sichinalire, mwana n'kutembenuza paipi kusuzumira kuti aone chavuta n'chiyani, pomwepo chipaipicho n'kuwomba. Maso ambiri atha choncho.

Palinso za boma. Ku Germany malamulo amachiwerenga chinthu chimenechi ngati mfuti, m'madera ambiri a Australia chimodzimodzi. Kwathu mukudziwa mmene apolisi amaonera mfuti zosula okha, za gogodela zija. Mnyamata wamtali ngati ameneyo atanyamula chipaipi cholira ngati mfuti madzulo m'tauni, anthu sadzayamba afunsa ngati muli mbatatesi. Zimenezo zokha zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Tsono kwa iwe mphwanga, ndikudziwa ukumva. Chimene ukufuna kuona, mpweya ukusanduka liwiro, ungachione bwino kwambiri ndi roketi ya madzi. Umatenga botolo lapulasitiki la malita awiri la chakumwa cha gasi, ngati la Coca-Cola kapena Fanta. Limenelo linapangidwa kuti lisunge gasi, n'lopepuka, ndipo si louma ngati PVC. Likhale latsopano, losakandika, losakhalitsa padzuwa. La galasi ayi, ngakhale pang'ono. Uthiremo madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, utseke ndi chotsekera chongolowetsa chimene chingathe kufwamphuka chokha, ulizondotse kukamwa kuloze pansi, ndipo upope ndi pampu ya njinga ya payipi yaitali uli chapatali. Mpweya ukachuluka chotsekera chimachoka, madzi amathamangira pansi, botolo limakwera m'mwamba kupitirira mitengo. Limenelo ndi lamulo lachitatu la Newton limene mukuphunzira mu Physics, ukuliona ndi maso ako. Ndipo pamenepo pali zoyesa zambiri zoti ulembe m'kope. Madzi akachuluka chimachitika n'chiyani, akachepa bwanji, ukamata zipsepse za katoni limawongoka motani, ukalipendeketsa pa madigiri 45 likugwera pati poyerekeza ndi 60. Aphunzitsi a sayansi amafuna zimenezo, manambala oyeza wekha, kuposa phokoso.

Komabe nayonso ili ndi malamulo ake. Uchitire pa bwalo la mpira, osati pakati pa nyumba kapena pafupi ndi mawaya a magetsi. Pakhale munthu wamkulu, makamaka aphunzitsi ako. Uvale magalasi oteteza maso, aja amavala ogaya zitsulo. Ana onse aime kumbuyo kwako. Likakana kunyamuka usaweramirepo, usaligwire, uchotse mpweya kaye cha ku pampu. Kompuresa ya pa okonza matayala usayandikire nayo, pampu ya njinga yakwana.

Achemwali, ndalama ya magalasiwo ndi pampu nditumiza ine mwezi ukatha, inu musavutike. Ngati mapaipi anagula kale mwakabisira, muwatenge muwasunge, adzagwira ntchito kubafa. Ndipo Loweruka madzulo mumpatse foni yanu andiimbire pa vidiyo, tijambule limodzi poimika botolopo, ndimuonetsenso mmene angayezere kutalika kwake ataima patali. Mupereke moni kwa alamu.