Kodi Hank Hill ndi bwenzi lenileni kapena ndi wamantha?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene amakonda kuonera katuni ya King of the Hill akaweruka kuntchito. Iwo analemba kuti: "Hank akudziwa kuti mkazi wa Dale anakhala akuzemberana ndi mwamuna wina kwa zaka zambiri. Akudziwanso kuti mwana uja si wa Dale. Koma tsiku lililonse amaima naye pampanda, mowa uli m'manja, pakamwa pali tseke. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndiye Hank ameneyu ndi bwenzi, kapena ndi wamantha chabe?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Funso lanu landisowetsa tulo, chifukwa Hank, Dale ndi anzawo awiri aja ndinawazolowera ngati a pamudzi pomwe pano.

Kwa amene simunaioneko: katuniyi anaiyambitsa ndi Mike Judge ndi Greg Daniels, ndipo inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya Fox ku America mu Januwale 1997. Nkhani yake imachitikira ku Arlen, tauni yongopeka ya ku Texas. Hank Hill amagulitsa gasi wa propane pakampani ya Strickland Propane. Dale Gribble amapopera mankhwala ophera mphemvu ndi makoswe m'nyumba za anthu, ndipo amakayikira boma pa chilichonse. Bill Dauterive ndi msilikali wometa tsitsi, amene mkazi wake Lenore anamuthawa. Boomhauer ndi mbeta yolankhula mothamanga. Anakulira limodzi, anaphunzira sukulu imodzi, ndipo pano akuima kuseri kwa nyumba zawo mu Rainey Street, kumwa mowa wa Alamo, wina akati "yep" mnzake n'kuyankha chimodzimodzi.

Tsono za Dale. Mkazi wake Nancy, amene amalengeza zanyengo pa TV, anakhala paubwenzi ndi John Redcorn, wa mtundu wa anthu oyamba kukhala ku America azungu asanafike, kwa zaka 14, ponamizira kuti akumuthandiza kudwala kwa mutu. Mwana wawo Joseph nkhope yake ndi ya Redcorn yeniyeni. Aliyense mumsewu uja akudziwa, kupatula Dale, munthu amene amaona chiwembu ngakhale pamene palibe. Olemba anaika nthabwala pamenepo, koma pansi pa nthabwalayo pali bala.

Ine ndikugawa kukhala chete kwa Hank pawiri. Pachiyambi penipeni, Joseph asanabadwe kapena ali khanda, Hank anayenera kulankhula, ndipo sindimuikira kumbuyo. Iye ndi munthu amene nkhani za kuchipinda zimamuchititsa manyazi mpaka kufiira nkhope, ndipo ndikukhulupirira kuti manyazi amenewo ndiwo anamutseka pakamwa, osati nzeru. Pamenepo mwalasa, achimwene: anali mantha.

Koma katuniyi imayamba Joseph ali kale mnyamata wa zaka za Bobby, mwana wa Hank. Pofika pamenepo funso lasintha. Kumbukirani gawo lija la mu 1998 pamene Peggy, mkazi wa Hank, anatulukira chinsinsichi mochedwa kuposa wina aliyense. Anapsa mtima, ananyamuka kuti akamuuze Dale zonse. Atafika n'kuona mmene Dale amakondera mwana uja, mawu anamuthera, anabwerera. Peggy si munthu wamanyazi ngati mwamuna wake. Chimene chinamubweza ndi chakuti choonadi chija sichikanagwera Nancy yekha. Chikanagwera mwana amene sanalakwe kanthu, ndiponso chikanalanda Dale chinthu chimodzi chokha chimene amachichita bwino pamoyo wake, kulera. Pambuyo pake Dale mwiniwake atawerengetsa miyezi n'kuona kuti sizikugwirizana, anasankha kukhulupirira kuti mwanayo anabwera ndi zolengedwa zakumwamba. Ine ndimaona kuti munthu ameneyu mtima wake unakana kale kumva. Kumutsina khutu pamenepo kukanakhala kumung'amba khutu.

Ndipo musaiwale kuti chimene chinathetsa chibwenzi cha Nancy si kuulula kwa munthu. Dale anayamba kuthandiza Redcorn ndi mtima wonse pa mlandu wofuna malo a makolo ake kuboma la America, ndipo Redcorn chikumbumtima chinamugunda. Ubwino wa munthu wonamizidwayo ndiwo unagwetsa bodza.

Komatu ngati mukufuna pamene ubwenzi wa amuna awa umandipweteka, tembenukirani kwa Bill. Uyu ali kusekondale anali katswiri wa mpira wa ku America, amamutcha Billdozer, munthu wamphamvu amene ankatsegulira Hank njira m'bwalo. Lenore atachoka anatha ngati makatani. Amadya yekha, amalira pagulu, amasirira Peggy mosabisa, ndipo anzake amamusandutsa choseketsa. Dale amamunyoza maso ndi maso. Hank amamulamula ngati mwana, n'kumamuuza kuti adzigwire. Palibe amene amakhala naye pansi n'kumufunsa kuti mtima uli bwanji.

Gawo la Khirisimasi la mu Disembala 1998 ndi limene sindiliiwala. Bill anafuna kudzipha. Anzake atatu anagawana maola omulondera, koma ankatero monyinyirika, ngati ulonda wa pamunda wa chimanga. Hank atatopa anaphwanya mphatso zimene Bill ankasungirabe Lenore, poganiza kuti akumudzutsa kutulo. Zinthu zinangoipiraipira: Bill anavala diresi la mkazi wakeyo n'kuyamba kunena kuti iye ndiye Lenore, mpaka anafika choncho paphwando kunyumba kwa Hank, pamaso pa alendo amene anayamba kumuopseza. Apa Hank, munthu amene amaopa ngakhale kukumbatira mwana wake pagulu, anakavala diresi nayenso. Anaima pamaso pa mnzakeyo ngati Lenore, n'kumuuza kuti samukondanso, kuti Bill apeze mpata wokalipa ndi kutsanzika, mpata umene mkazi weniweni uja sanamupatse.

Munthu wamantha sangachite zimenezo. Hank anataya ulemu wake, chinthu chimene amachisamala kuposa chuma, kuti mnzake asachite manyazi yekha. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo Hank amazimadi. Amateronso kwa Dale: iwo atadzipereka kukhala ozimitsa moto n'kuotcha nyumba ya ozimitsa motoyo chifukwa cha chikwangwani cha magetsi chimene Dale anayatsa, Hank anakankhira mlandu kwa nkhalamba ina imene inali itamwalira kale. Moto ukabuka iye amafika. Vuto lake n'lakuti amadikira kuti ubuke, utsi amangouyang'ana.

Izi sindikuzinena ngati woonera chabe. Ndinali ndi mnzanga amene tinkakumana Loweruka lililonse kuonera mpira. Banja lake litatha tinkamugulira chakumwa, kumuseketsa, kumuperekeza kwawo. Tonse tinkaona kuti akuonda ndipo malaya sakuchapanso. Palibe mmodzi wa ife anafunsa. Tinkati tikumulemekeza. Mlongo wake ndi amene anadzamutenga kupita naye kuchipatala, ndipo ali bwino lero, koma ine mpaka pano ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti ndinkakhala naye mpando umodzi.

Choncho yankho langa, achimwene: Hank ndi bwenzi lenileni, ndipo pa za Joseph ndikanakhala iye lero nanenso sindikanalankhula. Ngongole yake yaikulu ili kwa Bill. Olemba nawonso akuidziwa. Katuniyi itabwereranso pa Hulu, malo oonerapo mafilimu pa intaneti, mu Ogasiti 2025, tinapeza kuti Hank ndi Peggy anakhala zaka zingapo ku Saudi Arabia pantchito. Dale ndi Boomhauer anatsala mumsewu womwe uja, khomo ndi khomo ndi Bill, koma Bill anadzitsekera m'nyumba kuyambira nthawi ya Covid, ali gone pabedi, mpaka tsiku limene Hank anabwerako n'kukagogoda.