Yankho kwa amene afunsa za UPR, makomiti a ku Geneva ndi khoti la ku Arusha

Achemwali, mwafunsa kuti mabungwe onsewa oyang'anira ufulu wa anthu muwasunga bwanji m'mutu mayeso asanafike, komanso ngati alidi ndi mano. Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kuloweza mayina. Bungwe lililonse muziyamba mwafunsa kuti pampando pakhala ndani: maboma, akatswiri oima paokha, kapena oweruza? Mphamvu zake ndi kufooka kwake zimachokera pamenepo.

Pa UPR (Universal Periodic Review), njira yomwe mayiko amaunikana pa nkhani za ufulu wa anthu, pamakhala maboma. Njirayi inayamba mu 2008 pansi pa Human Rights Council, khonsolo ya mayiko 47 yomwe inakhazikitsidwa mu 2006 ndipo imakumana ku Geneva. Mayiko onse 193 a mu United Nations amaunikidwa mosinthana, pafupifupi zaka zinayi ndi theka zilizonse. Zikalata zimakhala zitatu: lipoti la boma, zomwe nthambi za UN zanena kale, ndi chidule cha zomwe atumiza mabungwe omwe si aboma pamodzi ndi bungwe ngati Malawi Human Rights Commission (MHRC). Tsiku lenilenilo nduna imabwera ndi gulu lake, nkukhala maola atatu ndi theka kumva malangizo a mayiko anzake. Kazembe aliyense amapatsidwa kamphindi kochepa kwambiri, ndiye amawerenga mopupuluma kuopa kumuzimitsira maikolofoni mawu ali pakamwa. Kaonereni pa UN Web TV, mudzaona mmene mayiko ogwirizana amathera theka la nthawi yawo akuyamikirana. Pamapeto boma limasankha lokha malangizo omwe lavomera, ena nkungoti tawamva. Malawi wauzidwa kangapo kuti athetse chilango cha imfa, ndipo yankho lakhala la tawamva lomwelo.

Makomiti a mapangano, omwe m'mabuku anu akuti treaty bodies, ndi ena. Kumeneko kumakhala akatswiri osaimira boma lililonse, ndipo amaunika dziko lokhalo lomwe linalowa m'panganolo. Samalani apa chifukwa ophunzira ambiri amagwera pomwepa: Human Rights Committee si Human Rights Council. Komitiyi ndi ya akatswiri 18 oyang'anira pangano la ICCPR, la ufulu wa nzika ndi wa ndale. Malawi analowa m'panganoli mu 1993 koma anakhala zaka zambirimbiri osapereka lipoti loyamba, mpaka mu 2011 komitiyi inamuunika popanda lipotilo. Lipoti linadzakambidwa mu 2014. Mafunso a kumeneku ndi akuthwa kuposa a ku UPR, poti wofunsayo alibe ubale wa malonda woti auteteze. Munthu payekha angathenso kukadandaula, malinga dziko lake linavomera njira imeneyo ndipo iye wayenda kaye makhoti onse akwawo.

Aliponso akatswiri oyendayenda, ma special rapporteur ndi ma independent expert. Mu April 2016 Ikponwosa Ero, yemwe ankaona za ufulu wa anthu achialubino, anabwera kuno nthawi yomwe kuphedwa ndi kubedwa kwa abale athuwa kunafika poipa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango mu Penal Code ndi Anatomy Act. Musadzalembe kuti anasintha lamulo ndi iyeyo, chifukwa bungwe la anthu achialubino la APAM ndi ena anali akufuula kale. Iye anangopititsa mfuuwo kunja kumene boma limachita nako manyazi.

Tsono za mano. Werengani madandaulo omwe anapita ku African Commission, komishoni ya ufulu wa anthu mu Africa ya ku Banjul, mu 1992 m'malo mwa Aleke Banda, Orton Chirwa ndi Vera Chirwa. Aleke anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu. A Chirwa awiriwo anazengedwa m'khoti la mafumu, osaloledwa kukhala ndi loya, nkugamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chilango chomwe chinadzasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Pomwe komishoni inkapereka chigamulo chake, Orton anali atamwalira kale kundende ya Zomba mu 1992, Vera anali atatuluka mu 1993, ndipo boma la Kamuzu linali litachoka. Kunena zoona chigamulocho sichinatsegulire aliyense chitseko. Koma chinasiya mfundo yomwe maloya amaitchulabe mpaka pano, yakuti boma likasintha mlandu sufa, boma latsopano limalowa chokolo pa zolakwa za lakale. Vera yemweyo anadzakhala komishonala wa bungwe lomwelo mu 1999, nkumayendera ndende za mu Africa.

Oweruza enieni ali ku African Court ku Arusha, ndipo chigamulo chawo boma liyenera kuchitsata. Vuto lili pa ndime 34(6) ya pangano lokhazikitsa khotilo: munthu wamba kapena bungwe sangasumire boma mwachindunji pokhapokha bomalo litasainira kuti likulola. Malawi anasainira mu 2008. Rwanda inachotsa chilolezo chake mu 2016, Tanzania, mwini malo pomwe pali khotilo, mu 2019, Benin ndi Côte d'Ivoire mu 2020. Ine ndimaona kuti kuthawa kumeneku ndi umboni wakuti khotilo linayamba kuluma.

Palibe bungwe ngakhale limodzi mwa onsewa lomwe lili ndi apolisi. Zolemba zawo zimagwira ntchito wina akazitenga nkupita nazo kukhoti la kwawo. Ndime 11 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imauza makhoti kuti pomasulira aziganizirako malamulo a pakati pa mayiko, ndipo mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inagamula kuti nkosemphana ndi malamulo kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolandira chilango cha imfa popanda woweruza kumva zochepetsa chilango. Akaidi ambiri anamvedwanso, ndipo ochuluka anamasulidwa.

Pokonzekera mayeso sankhani nkhani imodzi, kaya ya ndende kaya ya maukwati a ana. Lowani pa Universal Human Rights Index ya OHCHR, ofesi ya UN yoona za ufulu wa anthu, sankhani Malawi, muone zomwe UPR, makomiti ndi akatswiri oyendayenda ananena pa nkhani yomweyo chaka ndi chaka. Kenako muyerekeze ndi zomwe boma linalonjeza ndi zomwe MHRC inapeza.